Bambo ake ndi Myuda, ine ndine Mchewa: Chisomo apite ku sukulu ya Chiyuda?

Make Chisomo:
Moni abale nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga pa gulu lino osayankhapo, koma lero ndabwera ndi yanga chifukwa yandisowetsa tulo.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndinakulira mu CCAP, panopa ndine namwino kuno ku London ndipo timakhala ku Edgware. Bambo a kunyumba kuno ndi Myuda wa ku Johannesburg. Agogo awo anachokera ku Lithuania, monga zilili ndi Ayuda ambiri a ku South Africa. Tili ndi ana awiri, Chisomo wa zaka 10 amene ali mu Year 5, ndi mlongo wake wa zaka 6. Fomu ya sekondale ya Chisomo ikuyenera kufika ku khonsolo pasanadutse pa 31 Okutobala, ndiye nkhaniyi yakula m'nyumba muno.

Bambo ake akufuna apite ku sukulu ya Chiyuda. Iwo anaphunzira ku King David ku Joni ndipo anzawo onse a pamtima anawapezera komweko. Apongozi anga, amene ana amawatchula kuti Bobba, akaimba foni Lamlungu funso loyamba limakhala lomwelo. Sakundikakamiza, ndisawanamizire, koma ndikuona kuti mtima wawo uli pamenepo.

Ine sindinalowe Chiyuda ndipo sindikuganiza zolowa. Lachisanu madzulo timayatsa makandulo, bambo amadalitsa vinyo ndi buledi woluka uja amati challah, kenako timadya, nthawi zambiri nsima. Lamlungu ndimapita ku tchalitchi, ana amanditsata akafuna. Takhala choncho mwamtendere zaka zonsezi. Tsopano ndikudzifunsa kuti kodi sukuluzo zingamutenge mwana amene mayi ake si Myuda? Nanga akamutenga, akakhala bwanji kumeneko, mwana wakhungu ngati langa? Chichewa chake ndi chochepa kale, ndiye akawonjezera Chiheberi pamwamba pake, changa sichithera pomwepo? Amene munadutsamo kapena mukudziwapo kanthu, ndithandizeni maganizo.

NaPhiri wa ku Borehamwood:
Moni achemwali. Tili pafupi kwambiri, ine ndimasamalira okalamba m'nyumba za Ayuda kuno ndipo ndatha zaka 9 pa ntchitoyi. Choyamba dziwani kuti sukuluzi si zofanana. Hasmonean ndi ya anthu osunga malamulo mwamphamvu, anyamata paokha atsikana paokha, ndipo kwa banja ngati lanu sindikuona kuti ndi kolowera. JFS ya ku Kenton ndi Yavneh College ya kuno ku Borehamwood zimayendera chiphunzitso cha Orthodox, gulu la Ayuda lotsata malamulo akale a chipembedzo chawo, koma ana ambiri amene ali kumeneko kwawo sasunga Sabata kwenikweni, Loweruka mumawaona ali ku mpira. JCoSS ya ku Barnet inatsegulidwa mu 2010 ndi cholinga choti ikhale ya Ayuda a magulu onse, ndipo mabanja osakanikirana ngati lanu ambiri amayang'ana kumeneko. Yambani mwafufuza imeneyo.

Ankolo Gondwe a ku Leeds:
Amayi, ine sindikuonapo vuto. Bambo ndi Myuda, mwana ndi Myuda. Mwana amatsata bambo. Akanize chifukwa chiyani?

Aphunzitsi a ku Manchester:
Ankolo, mwayankha ngati wa ku Rumphi. Kwa Ayuda a Orthodox sizili choncho. Kwa iwo munthu ndi Myuda ngati mayi ake ndi Myuda, kapena ngati iye mwini walowa Chiyuda kudzera ku bwalo la atsogoleri awo a chipembedzo (marabi) lotchedwa Beth Din. Bambo angakhale rabi amene, ngati mayi si Myuda, mwanayo samuwerengera.

Koma Make Chisomo, pa nkhani ya malo kusukulu musade nkhawa ndi zimenezo, lamulo la dziko lino linasintha zinthu. Kale JFS inkayamba kutenga ana amene ofesi ya Chief Rabbi, rabi wamkulu wa kuno, yawavomereza kuti ndi Ayuda. Bambo wina anakasuma chifukwa mwana wake anakanidwa malo: bamboyo anali Myuda, mayi analowa Chiyuda koma kudzera ku sunagoge wosakhala wa Orthodox. Mlandu unafika ku Supreme Court, ndipo mu Disembala 2009 oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti kusankha ana potengera kubadwa kwa mayi ndi tsankho la mtundu, loletsedwa ndi lamulo la 1976. Kuyambira pamenepo sukuluzi sizifunsanso kuti mayi ndi ndani. Zimafunsa zimene banja limachita.

Ndiye pali pepala lotchedwa Certificate of Religious Practice, ambiri amangoti CRP. Mumasonkhanitsa mapointi: kupita ku sunagoge kangapo m'miyezi yoikika n'kulembetsa dzina tsiku lililonse limene mwapita, maphunziro a Chiyuda amene mwana wachita, ntchito yodzipereka m'mabungwe awo. Sukulu iliyonse ili ndi fomu yake ndi masiku ake, choncho tsegulani tsamba la sukulu iliyonse lero lomwe, chifukwa kuwerenga maulendo a ku sunagoge kumayamba miyezi ingapo Okutobala asanafike. Pepalali limapita ku sukulu, pomwe fomu ya khonsolo imapita payokha. Makolo ena amadzaza ya khonsolo yokha n'kuiwala inayo, mwana n'kugwera kumunsi kwa mndandanda. Zotsatira zimatuluka pa 1 Malichi.

Make Chisomo:
Zikomo aphunzitsi, za CRP bambo ake anandiuzapo koma sindinkadziwa kuti nthawi yake yayandikira chonchi. Ife ku sunagoge timangopita pa Rosh Hashanah, chaka chatsopano cha Ayuda, ndi Yom Kippur, tsiku losala kudya ndi kulapa, basi.

Ankolo Gondwe a ku Leeds:
Ndaphunzirapo. Ndiye kuti Ayuda ndi Achewa mwambo wawo ndi umodzi.

Che Jafali a ku Birmingham:
Salaam abale. Ine ndine Msilamu wa ku Mangochi, ndipo ana anga awiri anaphunzira pulayimale ku King David ya kuno ku Moseley. Anthu kumudzi ndikawauza sakhulupirira, koma pa sukulu imeneyi ana ambiri ndi Asilamu, Ayuda ndi ochepa, chifukwa Ayuda a mu Birmingham anachepa kwambiri. Ine chinandikoka ndi chakudya ndi mwambo. Nkhumba silowa pa geti, ndiye mtima umakhala m'malo. Ana ankaphunzira Chiheberi, ankaimba nyimbo zawo Lachisanu, madzulo n'kupita ku madrasa monga mwa nthawi zonse. Palibe amene anawauza kuti asiye Chisilamu. Ayuda sakopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo, zimenezo ndinaziona ndi maso anga zaka zonse zija. Ndiye achemwali, ngati mantha anu ndi oti akakusandutsirani mwana, chotsani.

Make Chisomo:
Che Jafali, kwa ine zasiyana pang'ono. Ana anu ankadziwa kuti ndi alendo pa sukulupo, ndipo mlendo amalandiridwa bwino. Wanga akapita akudziona ngati mwini wake. Dzina la bambo ake ndi lachiyuda, anadulidwa ali wakhanda, amadziwa madalitso a Lachisanu pamtima. Pamene ndikuopa ine ndi pamenepo.

Bambo Mbewe a ku Luton:
Mayi, ndilankhule monga Mkhristu mnzanu. Mwana wobadwa kwa mayi wobatizidwa mukamuika pamalo pamene dzina la Yesu silitchulidwa kwa zaka 7, mukuyembekezera chiyani? Khrisimasi kulibe, Isitala kulibe. Tsiku lina mudzafunsidwa za mwana ameneyu. Sukulu za Church of England ndi za Katolika zilipo zambiri ndipo zimakhoza bwino.

Mayi a Dorika a ku Watford:
Bambo Mbewe, mwanayu ali ndi makolo awiri. Mwalankhula ngati bambo ake kulibe. Ndiponso sukulu wamba za boma kuno mukuganiza kuti dzina la Yesu limatchulidwa kangati? Chikhulupiriro mwana amachitenga kunyumba.

Ine ndine wa Sabata, ndinakulira ku Malamulo, ndiye ndikuuzeni za Lachisanu, Make Chisomo, chifukwa inu ndinu a mashifiti. M'nyengo yozizira dzuwa kuno limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo Sabata limayamba dzuwa lisanalowe. Sukulu za Chiyuda zimaweruka masana ndithu Lachisanu kuti aliyense akafike kwawo nthawi ilipo. Kwa Chisomo si vuto, adzakhala wamkulu wokwera basi yekha, koma mukadzaganiza zosamutsa wamng'onoyo muyambe mwapeza womutenga. Kenako Seputembala ndi Okutobala, sukulu zangotsegulidwa kumene, pamabwera Rosh Hashanah, Yom Kippur, ndi chikondwerero cha misasa chija amati Sukkot. Masiku amenewo akagwera mkati mwa sabata sukulu imatseka. Tchuthi cha Epulo chimatsata Pasika wawo. Ngati mwana wina ali ku sukulu ya Chiyuda wina ku sukulu wamba, matchuthi sagwirizana, ndipo ulendo wa ku Malawi umavuta kukonza.

Bambo Mbewe a ku Luton:
Ine ndanena zimene zili mumtima mwanga, sindinanyoze munthu.

Make Chisomo:
Ndamva bambo, ndipo sindinakhumudwe. Mayi anga ku Dedza ananena mawu omwewo.

Achimwene a ku Joni:
Mulamu wathuyo ngati anaphunzira ku King David ndikumvetsa chifukwa chake akulimbikira. Ine ndimagwira ntchito ku Glenhazel, ndimaona mmene anthu a sukulu imeneyo amagwirirana manja mpaka kukula, ntchito amapatsana, maliro amathandizana. Kungoti kuno sukuluzo ndi zolipira, ndipo fizi yake si ya munthu wamba. Ku Cape Town kuli Herzlia, komwe anaphunzira Chief Rabbi wa kwanuko, Ephraim Mirvis, iyenso ndi wobadwira kuno ku Joni. Kwanuko mumalipira zingati?

Aphunzitsi a ku Manchester:
JFS, JCoSS ndi Yavneh zonse ndi zothandizidwa ndi boma, fizi palibe. Koma amapempha makolo chopereka chaufulu cholipirira maphunziro a Chiyuda ndi zina zimene boma silipereka, ndipo ndalama yake pa chaka si yochepa. Lamulo silola kuti mwana achotsedwe kapena asalidwe chifukwa kholo silinapereke. Funsani kuchuluka kwake pa tsiku lokaona sukulu, musachite manyazi. Zolipira ziliponso, koma kuyambira Januwale 2025 boma linaika VAT ya 20 peresenti pa fizi ya sukulu zoima pazokha, ndiye zinakwera kwambiri.

Mukamawerenga malipoti musathere pa Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu. Mbali ya chipembedzo ya sukulu za Chiyuda imayenderedwa ndi bungwe lina lotchedwa Pikuach, ndipo lipoti lawo ndi limene lingakuuzeni kuti mapemphero amachitika motani, Chiheberi chimatenga maola angati, ndi mmene amathandizira ana obwera osadziwa kanthu.

NaBanda wa ku Bulawayo:
Ine ndinabadwira ku Zimbabwe, agogo anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Kuno kuli sukulu ya Carmel, ku Harare kuli ya Sharon, zonse anamanga ndi Ayuda. Ayuda ambiri anasamuka, panopa ana ake pafupifupi onse ndi akuda ngati ife, koma sukulu zikadalipo ndipo makolo amalimbirana malo. Mwana wa mchemwali wanga amaimba nyimbo za Chiheberi kuposa za Chindebele.

Make Yamikani:
Ndawerenga zonse, ndipo ndinayamba ndazengereza kulemba chifukwa nkhaniyi imandikhudzabe. Achemwali, ine ndinadutsa njira imene mukuyang'anayi. Amuna anga ndi Myuda wa konkuno, ine ndine wa ku Mchinji, sindinalowe Chiyuda. Yamikani tinamulowetsa ku sekondale ya Chiyuda, dzina la sukulu sinditchula. Mapointi tinasonkhanitsa, malo anapeza, yunifolomu tinagula, agogo ake analira ndi chimwemwe.

Temu yoyamba inayenda bwino. Aphunzitsi anali abwino, sindingawanene. Zinayamba mu Year 8, chaka chimene anyamata amakwanitsa zaka 13 n'kuchita bar mitzvah, mwambo wosonyeza kuti mnyamata wakula pa chipembedzo. Pafupifupi Loweruka lililonse kumakhala mwambo wa mnzake wina, makadi oitanira amadzaza pa filiji. Tsiku lina anabwera kuchokera ku sukulu, ine ndili pa moto ndikuvundula nsima. Sanavule jekete, sanaike chikwama pansi. Anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Amayi, mnzanga wanena m'basi kuti ine si Myuda weniweni chifukwa cha inu. Ndi zoona?" Ndinazimitsa moto, mthiko ndinausiya mumphika momwemo. Nsima ya tsiku limenelo sitinadye.

Chimene chinandipweteka si mawu a mwana mnzakeyo. Iye anangobwereza zimene anamva kwa akulu, ndipo malinga ndi lamulo la sunagoge wa kwawo sananame. Chinandipweteka ndi choti ine ndi bambo ake tinkadziwa zimenezi kuyambira tsiku la ukwati wathu, koma sitinamuuze. Tinkati adzamva akakula. Anamvera m'basi, pamaso pa anzake, ndipo anabwera kunyumba akuona ngati tinamubisira chinthu chochititsa manyazi, ndipo chinthucho ndine.

Usiku umenewo ndinakhala naye pa bedi pake. Ndinamuuza za kwathu. Ndinati kwathu ku Mchinji mwana ndi wa kwa mayi ake. Bambo amabwera kudzakhala chikamwini, koma mwini mbumba ndi malume, mlongo wa mayi. Munda umachokera kwa mayi, ufumu umatsata kwa mayi. Ndinati ukatsika ndege ku Lilongwe lero, palibe amene angakufunse kuti ndiwe Mchewa weniweni kapena ayi, malume ako adzangoti mwana wathu wabwera. Ayuda a Orthodox amawerenga chimodzimodzi ngati ife, potsata mayi, ndiye sakukuda, akungowerenga mmene agogo ako a ku Mchinji amawerengera. Koma pali Ayuda ena, a Liberal, amene amalandira mwana wa bambo wachiyuda ngati waleredwa m'Chiyuda. Ndipo ukadzakula, ukadzafuna kuti a Orthodox nawonso akuvomereze, njira yolowera ilipo, ndi yaitali, udzasankha wekha.

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati angachitebe bar mitzvah. Tinapita ku sunagoge wa Liberal, rabi wake ndi mayi, anamuphunzitsa miyezi yambiri. Tsiku lake anawerenga gawo lake la Torah, mabuku a Mose, m'Chiheberi osaphonya, ine nditakhala kutsogolo nditavala chitenje ndi duku, malume ake akuonera pa foni ku Mchinji. Anzake a ku sukulu anabwera, ngakhale uja wa m'basi.

Panopa ali ku yunivesite. Sukuluyo akuti sanong'oneza nayo bondo, anzake a pamtima ndi a komweko. Koma mpaka lero amandiuza kuti tikanamuuza ali ndi zaka 10. Ndiye Make Chisomo, fomu ndi mapointi mudzakwanitsa, ndinu namwino, mapepala simuwaopa. Musanadzaze chilichonse, khalani pansi inu ndi bambo ake pamodzi, mumuuze mwanayo zonse. Bambo ake ndi amene ayambe kulankhula, kuti asaone ngati ndi nkhani ya mayi okha.

Mayi a Dorika a ku Watford:
Make Yamikani, mwandiliza.

NaPhiri wa ku Borehamwood:
Zimene anenazi ndi zenizeni. Agogo amene ndimawasamalira amakonda zidzukulu zawo zonse mofanana, koma ikafika nkhani ya ukwati amadziwa bwinobwino kuti uyu mayi ake ndi Myuda, uyu ayi. Nkhaniyi imadzabweranso pa ukwati, chifukwa rabi wa Orthodox sangamangitse ukwati wa munthu amene sakumuwerengera. Bwino mwana adziwiretu.

Make Chisomo:
Achemwali Make Yamikani, ndawerenga kawiri ndili pa bureki ku ntchito. Ifenso sitinamuuze. Bambo ake nkhaniyi amaithawa, akuti imawapweteka. Nanga za khungu zinali bwanji?

Make Yamikani:
M'kalasi mwake anali yekha, m'chaka chake analipo ena ochepa, ena makolo awo ochokera ku Israel, ena osakanikirana ngati iye. Chimene chinkamutopetsa ndi mafunso. Akapita ku sunagoge wachilendo pa mwambo wa mnzake, a pa chitseko ankamufunsa kuti wabwera ndi ndani, pomwe anzake akungolowa. Nkhani imeneyi Ayuda eni ake akuidziwa, Board of Deputies, bungwe loimira Ayuda a kuno, inatulutsa lipoti mu 2021 lokhudza mmene Ayuda akuda amalandiridwira m'masunagoge ndi m'masukulu. Mukapita kukaona sukulu afunseni maso ndi maso kuti mwana akanenedwa za khungu kapena za mayi ake amachitapo chiyani. Muone ngati akuyankha ngati anthu amene anaganizapo kale.

Bambo Kachingwe a ku Coventry:
Ine funso langa ndi la chitetezo. Ndi zimene zikuchitika ku Gaza, mwana wovala yunifolomu ya sukulu ya Chiyuda m'basi ndi wotetezeka? Komanso sukuluzi siziphunzitsa ana mbali imodzi ya nkhondoyo?

Aphunzitsi a ku Manchester:
Funso la chitetezo ndi loyenera. Pa 2 Okutobala 2025, tsiku la Yom Kippur, munthu anaukira sunagoge wa Heaton Park kuno ku Crumpsall ndipo anthu awiri opembedza anafa. Ndi dera lomwelo kumene kuli King David ya kuno. Ine ndimadutsa kumeneko, ndinaona apolisi pa ngodya iliyonse masabata otsatira. Sukulu za Chiyuda zili ndi mipanda yaitali, makamera, ndi alonda pa geti, ndipo bungwe la Community Security Trust ndi limene limayendetsa ndalama za boma zolipirira alondawo. Kwina makolo amasinthana kuima pa geti m'mawa. Mu Okutobala 2023 sukulu zina zinauza ana kuti akhoza kusavala jekete ya sukulu panjira. Mwana wa zaka 11 amaziona zimenezi ndipo amafunsa. Konzekani kumuyankha.

Za Israel, sukulu zambiri zimaikonda poyera, zimakondwerera tsiku la ufulu wake, ndipo zina zimatenga ana a Year 9 kupita kumeneko. Koma m'mabanja a Ayuda eni akewo anthu amatsutsana kwambiri za boma la Israel ndi nkhondoyi. Zimene Chisomo akamve ku sukulu adzazibweretsa pa tebulo, ndipo makolo ake alipo.

Che Jafali a ku Birmingham:
Ine nkhani ya Gaza imandiwawa kwambiri ndipo sindibisa. Koma mwana wa m'basi alibe mlandu. Tisaisandutse nkhani ya achemwaliwa kukhala ya ndale, anabwera kudzafunsa za mwana wawo.

Bambo Kachingwe a ku Coventry:
Ndavomereza, ndinangofunsa monga kholo.

NaMwale wa ku Glasgow:
Kuno ku Newton Mearns sukulu ya Chiyuda, Calderwood Lodge, ili pa malo amodzi ndi ya Katolika, St Clare's, kuyambira 2017. Ana amasewera bwalo limodzi. Ndangoti ndinene kuti a Mbewe amve kuti zimatheka.

Ankolo Gondwe a ku Leeds:
Nanga chakudya? Mwana angatenge nsima ya dzulo ndi nyama m'kabokosi?

NaPhiri wa ku Borehamwood:
Ankolo, pamenepo ndi pofunsa sukulu, chifukwa zambiri sizilola nyama yochokera kunyumba, zina sizilola chakudya chilichonse chakunja. Malamulo ake ndinawaphunzira pa ntchito. Nyama ndi mkaka sizikumana, ngakhale mapoto, mbale ndi masipuni zimakhala zosiyana, kwina masinki awiri. Ine tsiku langa loyamba ndinatsala pang'ono kuthira mkaka mu tiyi wa agogo atangomaliza kudya nkhuku. Nsomba ikhale ya mamba ndi zipsepse, monga zilili pa Levitiko 11. Ndiye chambo ndi usipa zili bwino, koma mlamba ndi kampango ayi. Mbewa ndi ngumbi musatchule n'komwe. Nsima, nyemba, chisoso, nkhwani wotendera, zonsezo palibe choletsa. Kumene muyenera kusamala, Make Chisomo, ndi pa phwando la tsiku lobadwa kapena anzake akabwera kudzacheza. Ena sadya chophikidwa m'mapoto a nyumba yosasunga kosher, malamulo awo a chakudyawa. Musakhumudwe, si kukunyozani. Ku Edgware kwanuko mashopu a kosher ali mbwee, mumangogula zosatsegula ndi mbale za pepala. Ndipo phwando musaliike Loweruka masana.

Make Yamikani:
Za Chichewa ndinaiwala kuyankha. Chiheberi sichinachotse Chichewa cha Yamikani, chimene chinkachichotsa ndi Chingelezi, ndi ine amene ndinkamuyankha m'Chingelezi ndikatopa. Zilembo 22 zija zolemba kuchokera kumanja kupita kumanzere anazigwira m'miyezi yochepa, ndipo ataona kuti anzake amanyadira chilankhulo cha makolo awo anayamba kundifunsa mawu a kwathu. Tinagwirizana kuti Lachisanu pa tebulo, madalitso akatha, timalankhula Chichewa mpaka mbale zitachotsedwa. Bambo ake anaphunzira "ndakhuta" ndi "patseni mchere" pa tebulo pomwepo.

Make Chisomo:
Abale, ndabweranso patatha masiku anayi. Lachisanu titayatsa makandulo, wamng'ono atagona, tinakhala naye Chisomo. Bambo ake anayamba, mawu ankanjenjemera, koma ananena zonse, za mayi, za Beth Din, za bar mitzvah. Ine ndinamuuza za mbumba monga munandiuzira, Make Yamikani, ndipo ndinamutchulira dzina la malume ake a ku Dedza kuti ndiwo eni ake. Anafunsa ngati Bobba amadziwa. Bambo ake anati amadziwa kuyambira kale. Anafunsa ngati Bobba amamukondabe chimodzimodzi ndi ana a azakhali ake. Tinawaimbira Lamlungu kuti amve yekha, ndipo analankhula nthawi yaitali awiriwiri ine nditatuluka.

Wanena kuti akufuna akaone JCoSS ndi JFS, komanso sukulu wamba ya pafupi ndi kwathu kumene anzake awiri akupita. Zonse tidzazilemba pa fomu, dongosolo lake tidzaona tikayendera. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuti Loweruka lino tipite ku sunagoge tonse anayi, tikayambe kulembetsa. Mayi anga ndawauza, sanasangalale, koma anati bola mwanayo asaiwale kupemphera asanadye.

Funso laling'ono: kachipewa kaja ka kippah sikakhala pamutu pake. Tsitsi ndi lalifupi, zopanira za bambo ake zimangoterereka, akathamanga pang'ono kagwa. Mumatani?

Make Yamikani:
Zopanira zachitsulo zija siyani, zinapangidwira tsitsi lina. Gulani koluka ndi ulusi, kokulirapo ndi kozama, kamagwira tsitsi lathu kokha. Kapena sokererani kachidutswa ka velcro mkati, mbali yokhakhala ija. Ometa muwauze asamachepetse kwambiri pamwamba. Ndili nato tiwiri ta Yamikani m'dirowa, kena ndinakasokerera nsalu ya chitenje m'mphepete. Ndilembereni ku inbox, ndikhoza kukupatsirani pa siteshoni ya Edgware Lachinayi ndikamachokera ku ntchito.